Pamsana pa Mkamwini

Ndinabadwira pa chilumba cha Likoma, ndipo ndikukalambira pa chilumba china. Mayi a kunyumba atamwalira, mwana wanga wamkazi anabwera kudzanditenga. Anandiuza kuti Ireland nachonso ndi chilumba, choncho ndikazolowera msanga. Anandinamiza. Chilumba ndi malo amene ukakwera phiri umaona madzi mbali zonse, ndipo mbuzi ikasowa umadziwa kuti sinapite patali. Kuno anthu amakwera sitima yapamtunda popita kuntchito. Chilumba chanji chokhala ndi njanji?

Ntchito yanga inali ya pansi pa madzi. Sukulu ndinalekeza kupulayimale ndipo sindinong'oneza bondo. Ndinali daiva wa mzungu wina amene ankatumiza mbuna kunja. Mbuna ndi tinsomba ta m'miyala, towala mitundumitundu. Kwathu tinsomba timeneti tinali ndiwo za ana ophunzira kuwedza. Titamva kuti kuli anthu amene amatisunga m'nyumba n'kumatidyetsa m'malo motidya, tinaseka mpaka kugwira nthiti. Titatha kuseka tinavala magalasi n'kulowa m'madzi.

Tinkapumira payipi yochokera ku kompuresa ya m'boti. Umatchera ukonde pakati pa miyala, n'kumakusa nsomba ndi manja mwachifatse ngati ukulowetsa nkhuku m'khola. Zogwidwa pakuya tinkaziika mumgolo, mgolowo n'kumaukweza pang'onopang'ono kwa masiku, chifukwa nsomba ya pansi ukaitulutsa msanga imatupa mimba n'kufa. Ine anandikweza tsiku limodzi, pandege, ndipo palibe anafunsa za mimba yanga.

Tikukhala ku Balbriggan, tauni ya m'mphepete mwa nyanja. Mwana wanga ndi namwino ku chipatala cha Beaumont. Mwamuna wake ndi wa ku Zambia, ku Chipata, kumene madzi aakulu ndi a m'dambo. Amagwira ntchito pa kompyuta m'chipinda cham'mwamba, atavala malaya a kolala kumtunda ndi kabudula kumunsi. Ndi munthu waulemu, ndilibe naye mlandu. Koma kwathu mkamwini ndiye amabwera pamudzi pa apongozi n'kupatsidwa khasu. Kuno mpongozi ndine ndinabwera ndi chikwama, n'kupatsidwa chipinda ndi masokosi.

Mwambo ndinausunga. Sitinkakhala mpando umodzi. Sitinkadyera pamodzi. Ndikafuna kumuuza kanthu ndinkauza mwana wanga, iyenso chimodzimodzi, ngakhale tonse atatu tili m'khitchini imodzi.

"Uwauze bambo a kuno kuti chitseko chakumbuyo chikulowetsa mphepo."

"Ababa, ali pomwepa. Ali ndi makutu."

"Ndawaona makutuwo. Uwauze."

Pabalaza pali thanki yagalasi, yaitali ngati bokosi la maliro a munthu wamkulu. Muli nsomba za m'nyanja yamchere zochokera kumayiko otentha, zachikasu, zabuluu, zina zamizeremizere. Zili ndi nyali yake, pampu yake, ngakhale chotenthetsera madzi. Ine m'chipinda mwanga chotenthetsera amazimitsa masana. Mkamwini anaphunzira kumira m'dziwe losambiramo la m'tauni, ndipo anam'patsa khadi lokhala ndi chithunzi chake. Ali ndi suti ya labala yomirira m'madzi imene imapachikidwa m'shedi, kanyumba ka katundu kuseri. Nsomba zake zonse anazigwira m'sitolo.

Mlungu woyamba ndinaona mwala wina m'thankimo utakhala molakwika. Ndinapinda mkono wa malaya. Ndisanakhudze madzi, mkamwini anatsika masitepe ngati kwagwa moto. Anaima chapatali, n'kuwomba m'manja mwaulemu, n'kuyang'ana mkazi wake, n'kuyankhula m'Chinyanja chake cha ku Zambia.

"Uwauzeko Atate kuti manzi aya siyafuna dzanja. Kasopo kang'ono chabe, zonse zizafa."

Ndinatsitsa mkono wa malaya. Mwina ananena zoona, nsomba zamchere sindizidziwa. Koma dzanja limeneli linadyetsa banja ndi nsomba zamoyo mpaka mwana wina kukhala namwino. Ndinayang'ana m'nyumba monse. Mipando anagula iwo. Ndiwo ankagula iwo. Nsapato za kutchalitchi zimene ndinkavala anandigulira mkamwini yemweyo. Munalibe chinthu n'chimodzi chomwe chimene ndinabweretsa ine. Ndinatsimikiza mumtima kuti m'nyumba imeneyi mukhala nsomba imodzi yogwidwa ndi dzanja la munthu, ndipo munthuyo ndine.

Ndinadikira nyengo imene kuno amati yotentha. Ukonde ndinasoka kuchokera ku katani wakale woonekera, n'kuukulunga pa waya wopachikira malaya. Chidebe ndinatenga chokolopera, ndinachitsuka bwino popanda sopo. Mwana wanga anali pa shifiti. Mkamwini anali m'mwamba akuyankhula ndi kompyuta yake. Ndinatuluka masana osatsanzika.

Ndiyenera kunena kuti anandichenjeza. Tsiku lina mkamwini anatuma mkazi wake kuti andiuze zoti nyanja ya kuno imapita n'kubwera kawiri pa tsiku. Ndinayankha kuti, "Uwauze kuti ine ndinabadwira m'madzi." Kwathu nyanja imakwera ndi mvula n'kutsika ndi chilimwe. Imatenga miyezi, ndipo aliyense amaiona ikubwera. Munthu wa ku Chipata akanandiphunzitsa chiyani?

Ndinadutsa padoko n'kukafika kumiyala. Ndinapeza nyanja itaphwa, itapita kutali, itasiya miyala yandere ndi timaiwe. Ndinati chaka chino mvula inavuta. Ndinavula nsapato za kutchalitchi zija ndi masokosi, n'kuziika pamwala wouma. Ndinapinda buluku n'kuyenda mpaka kumiyala yakutsogolo kwenikweni.

Madzi ake ndi ozizira ngati mtima wa kapitawo. Ndinagubuduza miyala. Nkhanu. Ndere. Tinkhono. Nkhanu zina. Msana unayamba kudandaula koma sindinaumvere. Kenako pansi pa mwala wina wafulati ndinaona mutu wa nsomba. Ndinatchera katani uja kumbuyo kwake, n'kuikusa ndi dzanja lamanzere monga tinkachitira. Inalowa.

Inali yaitali ngati chikhatho changa, yamtundu wa matope, yopanda mamba. Mutu waukulu, milomo yochindikala, maso pamwamba. Nkhope yake inali ya mkulu wa mpingo amene wapeza ana akuseka m'tchalitchi. Poiika m'chidebe inandiluma chala mpaka magazi. Ndinaikonda pomwepo.

Nditaweramuka ndinapeza kuti kumene ndinadzera kulibenso. Pakati pa ine ndi mchenga panali madzi okhaokha. Kunalibe mwera, kunalibe mvula, kunalibe ngakhale funde loti ungaliloze chala. Madziwo anangobwera chakumbuyo, mwakachetechete, ngati wakuba nkhuku. Nsapato imodzi ndinaiona ikuyandama, ikulowera cha ku Mangalande. Inzake inali itatsogola kale.

Ndinayesa kutsika. Madzi atafika m'ntchafu miyendo inakana, inangouma ngati mitengo. Analinso kukoka chammbali. Kusambira ndimadziwa kuposa aliyense m'tauni imeneyi, koma munthu sasambira atanyamula chidebe. Ndinabwerera pamwala. Kumtunda mayi wina wachizungu woyenda ndi galu ankakuwa akugwedeza manja. Ndinamukwezera dzanja kuti adziwe kuti ndamuona.

M'thumba la jekete munali foni imene mwana wanga anandikakamiza kuyenda nayo. Ndinamuyimbira.

"Uwauze bambo a kunyumba kuti nyanja yawo ija yabwera."

"Ababa, muli kuti?"

"Pamwala."

"Mwala uti?"

"Umene watsala. Kuseri kwa doko."

Anayankhula ndi mawu amene amayankhulira odwala osamva.

"Ndikuwayimbira pompano. Musasunthe."

"Ndisunthira kuti?"

Mwala unkachepa. Ndinakhala pamwamba pake, chidebe pamiyendo. Nsomba inkandiyang'ana ngati ikufunsa kuti daiva ndi uti pakati pa ife awiri.

Mkamwini anafika akuthamanga, atavala malaya a kolala ndi kabudula. Suti ya labala inatsala m'shedi, khadi linatsala m'chikwama. Analowa m'madzi akupuma ngati ng'ombe yokoka ngolo. Pofika pamwala panga madzi anali atam'fika m'chiuno. Anaima, n'kuwomba m'manja monga mwa chizolowezi, n'kuyang'ana kumbali kufuna womutuma. Kumbaliko kunali mbalame yokha.

"Atate, manje kulibe wotuma. Nikamba na imwe."

"Kambani."

"Kwerani pamsana."

"Chichokereni kumsana kwa mayi anga palibe anandiberekapo."

"Manzi yakwera, Atate. Kwerani. Chidebe siyani."

"Chidebe chikupita. Wotsala akhoza kukhala ine."

Anasuzumira m'chidebemo, mano akugundana.

"Ni chani ichi?"

"Nsomba."

"Yoipa nkhope."

"Sinabwere kudzakwatiwa."

Anatembenuka n'kuwerama. Ndinayang'ana madzi, ndinayang'ana msana. Ndinakwera. Dzanja limodzi ndinam'gwira paphewa, linalo ndinagwira chidebe, chimene ndinachitsamiritsa pamutu pake popeza panalibe pena pochiika. Sitepe iliyonse madzi ankatayikira pakolala. Munthu amene sindinkakhala naye mpando umodzi ndinkamva mtima wake ukugunda kudzera m'nthiti.

"Pondani kumanzere. Uko kuli ndere."

"Naona, Atate."

"Simukuona. Mukuyenda ngati mukusaka bowa."

"Atate, mulemera."

"Ndi chakudya chanu chomwe."

Anaseka mpaka kutsala pang'ono kutigwetsa tonse atatu. Kumtunda anthu anali atasonkhana. Mayi wa galu uja anandiyankhula Chingelezi chambiri, chimene ndinamvapo chinali choti ndine wopusa koma wamwayi. Anandifunditsa thaulo. Pambuyo pake ndinazindikira kuti linali la galu.

Tinayenda kupita kunyumba, ine wopanda nsapato, iye akudontha. Anafuna kundinyamulira chidebe, ndinakana. Titafika anawiritsa tiyi. Ndinakhala pampando wa m'khitchini, iye anaima pafupi ndi sinki. Chidebe chinali pansi pakati pathu. Poti panalibe wotuma, anandiuza yekha, maso ali pansi.

"Mu tanki ikulu siingangene, Atate. Manzi yaja ni otentha, izafa. Ingabweretsenso matenda."

Ndinadziwa kuti akanena kuti ibwerere kunyanja sindidzapempha. Munthu amene waberekedwa kumene alibe pakamwa. Ndinamwa tiyi wanga. Iye anatulutsa foni, n'kujambula nsomba ija, n'kuwerenga kwa kanthawi. Kenako anatuluka kupita kushedi.

Anabwera atanyamula kathanki kakang'ono kamene amagonekamo nsomba zake zikadwala. Anakaika pakhonde la m'kati, pafupi ndi chitseko chakumbuyo chija chimene chimalowetsa mphepo. Anati pamenepo ndiye pozizira bwino, ndipo ndi mwayi kuti sanachikonze. Analumikiza kapampu. Anati foni ikuti nsomba imeneyi imakonda kutuluka m'madzi n'kukhala pamwala, choncho mwala umodzi uyenera kuonekera pamwamba. Atatero anabwerera m'mbuyo, manja kumsana.

"Miyala muike ndimwe, Atate."

Ndinapinda mkono wa malaya. Ndinalowetsa dzanja mpaka m'chigongono.

Mwana wanga atabwera kuchokera kuntchito sanavule n'komwe jekete. Anayamba ndi ine. Anati ndikanafa, anati ali ndi odwala okwanira kuchipatala, safuna wina kunyumba. Anatembenukira mwamuna wake n'kumufunsa chifukwa chake sanaitane opulumutsa anthu m'madzi, kodi ankafuna maliro awiri tsiku limodzi? Anafunsanso za nsapato. Ndinati zinapita kukaona dziko.

"Uwauze bambo a kuno," ndinatero, "kuti…"

"Ayi, Ababa. Munthu mwakwera pamsana pake tauni yonse ikuona. Positi ofesi yatsekedwa. Auzeni nokha."

Ndinamuuza ndekha kuti tiyi wake anali wochepa shuga.

Nsombayo ilipo mpaka lero. Imadya tinkhono ndi tizidutswa ta nkhanu. Madzi ake ndimakatunga ndekha kunyanja ndi chigubu. Ndisanatuluke ndimaima pansi pa masitepe n'kufunsa kuti, "Nyanja yanu ili kuti lero?" Iye amayang'ana pafoni n'kundiuza nthawi imene ibwerere. Ndimamvera. Sikuti amadziwa madzi, amadziwa foni.

Alendo a kumpingo kwawo akabwera Lamlungu amathamangira pabalaza kukaona zachikasu ndi zabuluu. Yanga amaidutsa popita kukataya zinyalala. Mayi wina anafunsa ngati tikuisungira ndiwo. Iyo imangokhala pamwala wake, theka la thupi kunja kwa madzi, ikuyang'ana khitchini yonse ngati ili ndi mlandu ndi aliyense. Mwana wanga amati tikufanana. Sindikuona kufananako.

Mpando umodzi sitikhalabe, zimenezo n'zosakambirana. Koma tsiku lina ndinapeza mkamwini atagwada pa kathanki kanga, atapinda mkono wa malaya, akuti mwala wina wapendekeka. Ndinamuuza kuti madzi awa safuna dzanja. Anaseka n'kulowetsabe. Inamuluma.