Uje Wometa ndi Chikho cha ku Tokyo

Evaristo Bonfanti ankameta anthu m'kamsewu kathu ku Buenos Aires, koma zaka makumi awiri anakhala wopanda dzina. Anthu ankangoti Uje. "Wametetsa kuti?" "Kwa Uje."

Zinayamba masiku aja akatswiri a ku Ulaya ndi a kuno ankalimbirana chikho poyenderana, kwawo kenako kwathu, mpira wake wothyolana miyendo. Tsiku limene a ku Ulaya anabwera, Evaristo anachedwa ndi kasitomala wa ndevu zovuta. Atangoponda m'bwalo la masewero, alendo aja n'kugoletsa. Basi! Cayetano wogulitsa nyama, mkulu wa pakamwa ngati wailesi, anamuloza chala: "Mufa uyu!" Mufa ndiye munthu wa minyama, ndipo dzina lake satchula, kuopa kuti tsoka lingakutsate.

Evaristo ankaseka nawo, koma mumtima zinkamuwawa. Sabata ya masewero aakulu mpando wake wometera unkakhala mbee. Ngakhale ana amene anawameta tsitsi loyamba anakula osadziwa kuti iye ndani.

Zaka zinapita. A ku Ulaya anayamba kuzengereza kubwera, ati tikuwaponda kwambiri, mpaka chikhocho chinasamukira ku Tokyo, masewero amodzi basi. Timu yathu inadzafika kumeneko. Tsono vuto nali: mumsewu monse kanema wooneka bwino anali mmodzi, wa Evaristo.

Cayetano anabwera ndi nthiti za ng'ombe, n'kupereka kwa Nélida, mkazi wa Evaristo.

"Mayi, tabwera kudzapempha. Tidzaonere kwanu kuno. Koma a Uje, aaa, bwanji akacheze kwa achimwene awo tsiku limenelo?"

"Mwati bwanji?" anatero Nélida, manja m'chiuno. "Kanema mukumufuna, mwini wake ayi? Walira mvula walira matope, a Cayetano. Nthitizo siyani, mwayiyamba dala."

Atachoka, Evaristo ananong'ona: "Mayi, ndilekeni ndipite. Tikagonja ine ndili pano, mumsewu muno tisamuka."

"Mukhala pampando wanu, bambo. Nyumba ino ndi yanu."

Ku Tokyo kukakhala masana, kuno ndi usiku, koma nyumba inadzaza thothotho. Palibe anakhala moyandikana ndi Evaristo. Chikho cha mate, tiyi wa kwathu kuno womwa mopatsirana, chinkazungulira, chikafika pa iye n'kumulumpha. Thukuta linali kamukamu. Za chikho cha ku Tokyo analibe nazo ntchito munthu wa Mulungu. Iye ankangopempha kuti asapakidwenso minyama kachiwiri.

Anyamata athu anagoletsa. Phokoso lake! Evaristo sanasangalale, ankadziwa kuti nthawi ikadalipo. Mantha aja anamutsikira m'chikhodzodzo, ndipo anayamba kunyamuka kuti akataye madzi. Nthawi yomweyo a ku Ulaya anamenya chitsulo cha golo.

"Khala pansi iwe!" anakuwa Cayetano. "Tagoletsa uli chikhalire! Usasunthe ngakhale chala!"

Amuna awiri anamugwira m'mapewa. Kwathu kuno zimene unkachita pamene timu imagoletsa suzisintha, kaya zivute bwanji. Evaristo anapirira, miyendo atapingasa, mpaka wezulo yomaliza inalira. Anthu akukumbatirana, iye anathamangira kuseri, ndipo kumeneko anapuma mpweya umene anausunga zaka makumi awiri. Analira pang'ono, osabisa.

Mmawa wake akusesa pakhomo pa shopu, mawu anamveka kutsidya kwa msewu.

"Evaristo! Iwe Evaristo!"

Anapitiriza kusesa. Nélida ndiye anamugunda ndi chigongono.

"Akuitana inu, bambo."

Anatembenuka. Anali Cayetano, akuoloka msewu, chipewa m'manja, tsitsi lili nyankhalala.

"Evaristo, mpandowo uli ndi munthu?"