Dzina Limodzi Kawiri

Abwana athu a ku Amerika, ku bungwe la mpingo kumene ndinkagwira ntchito ku Nairobi, anali ndi khalidwe lawo. Tchuthi cha Khirisimasi ankapereka kwa munthu mmodzi yekha, amene wapambana mafunso pa phwando la mu ofesi. Ndipo mafunso omaliza nthawi zonse ankakhala a baseball, masewera oti ife sitinawaonepo ndi maso.

Zaka zitatu ndinagwa chagada. Mwana wanga wamkazi anabadwa, nayamba kuyenda, amayi anga ku Dedza akungomuonera pa zithunzi. Chaka chachinayi ndinati zokwana. Ndinabwereka buku la abwana lonenepa la mbiri ya oponya mpira, n'kumaliwerenga m'matatu, maminibasi a kumeneko, kuchokera ku Ngong, chigongono cha munthu chili m'nthiti. Ndinaloweza amene anapambana kangati, kugonja kangati, osadziwa n'komwe kuti mpirawo ndi waukulu bwanji.

Pa phwandolo tinatsala awiri, ine ndi bambo wina wa ku Zomba wokonda kudzitama, amenenso anawerengako mobisa. Funso loyamba linali lakuti woponya amene anapambana masewera ambiri m'mbiri yonse ndani. Tonse tinakhoza. Lachiwiri, amene anagonja ambiri ndani.

Bambo aja anaganiza ngati za goloboyi wa kwathu, kuti wogonja kwambiri ndi mbuli, ndipo analemba dzina la munthu wina wosatchuka. Ine ndinalembanso dzina lomwe lija la funso loyamba. Atasuzumira pepala langa anaseka mpaka kutsamwa ndi samosa.

"Mayi, mwasokonezeka. Mwabwereza yankho loyamba."

Abwana anawerenga, nandigwira chanza. Wopambana kwambiri ndi wogonja kwambiri anali munthu mmodzi yemweyo. Wosatha kuponya amamuchotsa msanga, sapeza mpata wogonja kambirimbiri. Uyu ankamupatsabe mpira zaka ndi zaka.

Ndinavina, abale, ndinavina ndi nsapato imodzi, ine mayi wa ulemu wanga, Akenya akuwomba m'manja. Bambo a ku Zomba anapempha kuti aone bukulo, ndipo ndinawatsegulira tsambalo ndekha, mokoma mtima kwambiri.

Ku Dedza amayi anamunyamula mwanayo osafuna kumutsitsa, akumununkhiza m'khosi. Kenako anandifunsa kuti chaka chino abwana andilola bwanji. Ndinayamba kufotokoza za woponya uja, koma sanamve ngakhale liwu limodzi. Anali kuwerenga zala za mdzukulu wawo.