Sowo Yomwe Inkandiitana Lachinayi

Amuna anga anali kalipentala. Ndiyambe ndi zimenezo, chifukwa anthu a ku Kabwata, kumene tinkakhala mu Lusaka, ankawatcha woimba, ndipo iwo sankakondwera nazo. Ankakhoma mipando kudera la mafakitale, n'kumabwera kunyumba tsitsi lili mbuu ndi utuchi. Ine ndinkagwira ntchito ya m'nyumba ku Kabulonga. Sukulu ndinalekezera panjira, koma zimene ndikulemba pano ndinazimva ndi makutu anga.

Masiku amenewo tivi inkaonetsa zakuda ndi zoyera basi, ndipo inkatsegulidwa madzulo. Mumzere wathu wa nyumba munali mativi atatu. Ife tinalibe. Tinkaonera kwa aneba, akulu pamipando, ana pansi, ochedwa pawindo.

Lachinayi lililonse, isanakwane nthawi ya nkhani, kunkakhala sewero la nthabwala. Munali amuna awiri, wonenepa ndi woonda. Wonenepayo ankadziyesa bwana, atavala jekete popanda malaya mkati, ndipo chilichonse chimene wagwira chinkamugwera. Koma chimene chinkaseketsa anthu kwambiri ndi nyimbo yake. Sinali nyimbo yoti munthu n'kuvina. Munali belu la njinga, botolo louzira, chitini, ndi chinthu china cholira ngati mkazi amene akuimba ali m'chitsime. Wonenepa akamagwa pampando, kulirako kunkatsika naye. Woonda akamasuzumira pawindo, kunkakwera pang'onopang'ono, uku kukunjenjemera.

Chinthu chimenecho chinali sowo ya amuna anga.

Anawaitana kunyumba ya tivi kukakhoma makoma abodza a sewerolo. Pa nthawi yopuma anakhala pabokosi, n'kupana chogwirira cha sowo ndi mawondo, n'kuipinda, n'kumaikhwekhweza ndi uta umene anaupanga okha. Anaphunzira zimenezi kwathu ku Katete ali aang'ono. Akuluakulu a sewero atamva anati, bwerani kuno. Anawajambula tsiku limodzi lokha, ndipo tepi imeneyo ndi yomwe inkalira sabata iliyonse.

Panali chinthu chimodzi chimene Lusaka yense sankachidziwa. Nyimboyo inkayamba ndi kulira kutatu: kukwera, kukweranso, kenako kutsika motalika. Kulira kumeneko kunali kwanga. Kuyambira pamene tinakwatirana, amuna anga akafika pageti ankatsika panjinga, kusolola sowo m'thumba, kuipinda n'kuigogoda katatu. Ine ndinkayankha ndili kukhitchini kuti, "Ndamva, bambo!"

Tsiku loyamba kuzimva pa tivi ndinawatsina. "Mwagulitsa zathu?"

"Sindinagulitse, mayi," anatero akuseka. "Ndafuna dziko lonse lizimva ndikukuitanani."

Ndiponso kulirako kusanayambe, pankamveka munthu akukoka mpweya, ndi kamluzu kakang'ono m'chifuwa. Ena ankayesa kuti ndi mbali ya nyimbo. Ine ndinkadziwa kuti ndi utuchi umene unawakhala m'mapapo.

Chifuwa chimenecho ndicho chinawatenga, nyengo yozizira. Tinatulutsa mipando panja, galasi tinaliphimba ndi nsalu. Aneba onse atatu anaphimbanso mativi awo mpaka titabwerako kumanda, kufupi ndi Chunga. Ndimawathokozabe chifukwa cha ulemu umenewo.

Alamu anga, mlongo wawo wamkulu wa malemuwo, anabwera kuchokera ku Katete kudzakhala nane mpaka tsiku lometa. Tsikulo linali kutali, pafupifupi miyezi itatu, chifukwa abale anafunika kusonkhana kaye. Alamu anakulunga sowo ija m'chitenje n'kuipachika pamsomali kuseri kwa chitseko. Kenako anandikhazika pansi n'kundiuza malamulo. Ndizigona pamphasa. Ndisathire mchere m'ndiwo. Ndisapereke moni wa m'manja.

"Koma lalikulu ndi ili, mlamu," anatero. "Akakuitanani, kaya kutulo kaya masana, musayankhe. Munthu akangopita kumene sadziwa kuti wapita. Amafuna wake. Mukayankha, mwavomera ulendo."

Ndinati ndamva. Za Lachinayi sindinaziganize n'komwe.

Lachinayi loyamba aneba atavundukula mativi, ndinali kuseri ndikuanula zovala. Kunja kunali kusanade. Mwadzidzidzi ndinamva munthu akukoka mpweya. Zinachokera kumanzere, kumanja, ndi kumbuyo kwanga, nthawi imodzi, m'nyumba zitatu. Kenako kukwera, kukweranso, kutsika.

"Ndamva, bambo!"

Mawuwo anatuluka okha, mokweza, monga ndinkachitira zaka zonse. Alamu anagwetsa beseni pakhonde. Ndiyeno m'nyumba zitatu zija anthu anayamba kuseka, chifukwa wonenepa uja anali atagwa.

Alamu anandikokera m'nyumba. "Mwayankha kangati?"

"Kamodzi."

Alamu anatseka chitseko. "Kamodzi ndi pakamwa paterereka. Kawiri ndiye kuti mtima wayamba kumanga katundu. Kachitatu sindinena."

"Komatu ndi tivi chabe, alamu. Ndi tepi."

"Mpweya umene uja ndi wa tepi? Ine ndinamubereka kumsana mwana ameneyu. Ndikuudziwa mpweya wake."



Kuyambira pamenepo Lachinayi linasanduka chilombo chimene ndinkachimva chikubwera kuyambira Lolemba. Ndinkatseka makutu ndi thonje, koma sowo imapyola thonje. Ndinayesa kuchoka pakhomo nthawi ikayandikira. Ndinayenda mpaka ku Kamwala, koma kumeneko sitolo ina inali itaika tivi pawindo, anthu ataunjikana. Ana a m'njira ankaimba kulira kutatu kuja ndi mluzu. Sabata ina sewero silinaonetsedwe chifukwa Mtsogoleri wa dziko ankalankhula ku mtundu, ndipo analankhula nthawi yaitali. Anthu ankadandaula chamumtima. Ine ndinagwada n'kuthokoza Mulungu.

Kachiwiri kanandipeza kuntchito. Adona anali ndi alendo, ndiye anandipempha kuti ndisaweruke msanga. Ndinkalowa pabalaza nditanyamula thireyi ya makapu pamene ana anayatsa tivi. Manja onse anali ogwira, ndinalibe chotsekera makutu. Mpweya uja unabwera, kulira kuja kunabwera, ndipo ndinamva milomo yanga ikunong'ona. Palibe amene anandimva. Makapu okha ndi amene ankagundana pathireyi.

Alamu sindinawauze. Koma chitenje changa chinayamba kundizungulira mopitirira pamene chinkalekezera. Chakudya chinkangondikhala m'kamwa. Ndinayamba kumva kamluzu ka m'chifuwa kaja m'zinthu zina: mumpopi madzi asanatuluke, mupulaimasi ndikamaipopa. Tsiku lina masana ndinapeza kuti ndaima kuseri kwa chitseko, dzanja lili pa chitenje cha sowo, osadziwa kuti ndafikapo bwanji. Chimene chinkandiopsa kwambiri n'chakuti mbali ina ya mtima wanga inkalidikira Lachinayi.

Kunali kutatsala milungu isanu kuti timete. Ndinadziwa kuti sindingapirire maulendo asanu.

Lachiwiri lina ndinapempha kuntchito, n'kukwera basi kupita kunyumba ya tivi. Mlonda wa pageti anandiyang'ana mpango wakuda, n'kundifunsa ngati ndili ndi kalata. Ndinalibe. Ndinangoti ndine mkazi wa munthu wa sowo. Nkhope yake inasintha. Anaimba kulira kutatu kuja ndi mluzu, akumwetulira, poyesa kuti akundisangalatsa. Kenako anandiitanira munthu woyendetsa makina a mawu.

Anali bambo wamfupi wa kudera la Migodi, wolankhula Chinyanja cha m'tauni chosakanikirana ndi chilankhulo cha kwawo. "Ba mayo, muli shani? Tinamvela za ba kalipentala. Pepani maningi."

Ndinamuuza kuti ndabwera kudzapempha kuti nyimbo ija asiye kuiika. Chifukwa chake sindinanene. Ndinkaopa kuti munthu wa makina andiseka.

Anakanda kumutu. "Mwabwela bwino. Matepi yatsopano siyabwela masiku yano, ba mayo. Tifafaniza yakale, tijambulilapo vina. Ba bwana bagula limba ya magetsi, bafuna nyimbo yatsopano. Ine ndiye nenze kukana, cifukwa ya ulemu. Koma ngati ndimwe mwakamba, tifafaniza lelo."

Anandilowetsa m'kachipinda kopanda windo, kozizira ngati m'chipatala. Makoma ake anali ndi timabowo tambirimbiri, ndipo mawu ankafera pakamwa pomwepo. Anatenga tepi m'kabati, yozungulira ngati mbale, n'kuiika pamakina.

"Koma mumveleko kamozi kosiliza. Kuli vina ku ciyambi vamene sitiika pa tivi."

Ndikanakana. Ndinali ndi pakamwa. Koma ndinangokhala pampando, iye n'kundiveka zomvera m'makutu.

Poyamba ndinamva chipinda. Mpando ukukokedwa, munthu akuyesa belu la njinga. Kenako chifuwa. Amuna anga anatsokomola mkati mwa mutu wanga, pafupi kuposa mmene anakhalirapo ali moyo.

"Tiyeni tifulumire, anzanga," anatero. "Mayi akundidikira kunyumba."

Anakoka mpweya. Kukwera, kukweranso, kutsika.

Ndinalowetsa nsonga ya mpango m'kamwa n'kuiluma.

Wina pa tepipo anati belu lachedwa, ayambirenso. Amuna anga anakokanso mpweya, n'kuitananso. Kenako panali chete. Ndikudziwa kuti tsiku limenelo ankangoseka ndi anzawo, powauza za chizolowezi chathu cha pageti. Ndikudziwa. Koma ananena motsitsa, ngati munthu amene watchera khutu.

"Lero sakuyankha. Ndiitanenso?"

Anaitana kachitatu, ndipo kutsika kuja anakukoka motalika kuposa kale lonse.

Yankho linakwera kuchokera m'mimba mpaka pakhosi. Ndinalimva likukankha mano. Ndinaluma mpango pamodzi ndi lilime, mpaka ndinamva mchere wa magazi, ine amene ndinali ndisanalawe mchere wa dzanja langa miyezi iwiri. Ndinagwira mpando ndi manja onse. Belu linalowa, botolo linalowa, chitini chinalowa, nyimbo yoseketsa ija inayenda mpaka kumapeto.

Sindinayankhe.

Bambo uja anandivula zomvera. Anabweza tepi kuchiyambi, n'kundilozera batani lofiira. "Dinikizani ndimwe, ba mayo. Ine manja yanikanga, siningakwanise."

Ndinadina. Tepi inazungulira mwakachetechete. Itatha anaibwezanso kuti titsimikize, ndipo munangomveka phokoso ngati la mvula imene ikugwa kutali.

Lachinayi lotsatira ndinakhala pakhonde dala, alamu ali pambali panga. M'nyumba zitatu zija munalira limba la magetsi, nyimbo yothamanga yopanda mpweya wa munthu. Aneba anadandaula kuti sewero lazizira. Mayi wina anandifunsa ngati ndikudziwa chimene achotsera nyimbo ya amuna anga, n'kunena kuti anthu a tivi alibe chisoni. Ndinangoti kaya. Madzulo amenewo ndinadya n'kumaliza.

Tinameta pa nthawi yake, ndipo abale anandisudzula. Sowo inapita ku Katete kwa mng'ono wawo wa malemu aja, amene anaigwiritsa ntchito yodula matabwa mpaka mano anatha. Tikudikira basi ya alamu, ndinawauza za kachiwiri kaja.

"Ndinadziwa," anatero, osandiyang'ana. "Mumayesa chitenje chanu sindinkachiona?"

Papita zaka zambiri. Ndinachoka ku Kabwata, pano ndimakhala ku Chelstone kwa mwana wa mchemwali wanga. Sewero lija linatha kalekale, ndipo achinyamata salidziwa. Nthawi zina m'basi mdala wina amaimba kulira kutatu kuja ndi mluzu, osakumbuka n'komwe kumene anakumva. Sizindiopsa. Mluzu wa munthu wina suyamba ndi mpweya uja.

Kawiri ndinayankha. Yankho lachitatu ndikadali nalo, ndalisunga bwino. Tsiku limene ndidzamve mpweya uja popanda tivi, popanda tepi, sindidzalumanso mpango.