Lilime la Alamu

Kumudzi kumene akulu anga anakwatiwa, cha ku Zemba, mowa sunkayamba kumwedwa bambo ena ake asanalawe. Bambowo anali akulu awo a amuna a akulu angawo, ndiye tonse tinkangowatchula kuti alamu. Sanali chidakwa. Chipanda chimodzi chinkawakwana tsiku lonse, koma pa ukwati, pa dima lolimitsana kumunda kapena pa maliro, chipanda choyamba chinali chawo.

Kalawidwe kawo kankatopetsa. Ankapendeketsa chipanda kudzuwa kuti aone maonekedwe a mowawo, n'kuuzira thovu pambali, n'kununkhiza. Akamwa pang'ono ankausunga m'kamwa, kenako n'kutafuna timasese ndi mano akutsogolo, anthu akungomeza malovu. Ndiye chigamulo chizibwera: uyu nkhuni zake zinali zaziwisi, uyu chimera anachiyanika pafupi ndi fodya, uyu anatunga madzi kudambo. Chokwiyitsa n'chakuti sankaphonya. Kuyamikira sankakudziwa. Mowa ukawasangalatsa kwambiri ankangoti, "Ungamweke."

Ine sindinkawakonda. Wanga woyamba kufulula anautchula kuti thobwa la ana pamaso pa anthu, ndipo ndinasunga mawuwo zaka zambiri.

Amuna a akulu anga anamwalira chaka cha chilala chija tinkadya chimanga chachikasu. Patatha chaka panayenera kuchitika bona, mwambo wotsiriza maliro, pamene wamasiye amasudzulidwa n'kubwerera kwawo ndi ana ndi katundu wake. Mowa wa bona amafulula ndi wamasiyeyo, ndipo uli ndi lamulo lake. Wofulula ayenera kukhala wozizira, kutanthauza kuti sanagone ndi mwamuna. Mowa ukasasa, ndiye kuti wamuulula: anayenda ndi mwamuna wina maliro asanathe. Pamenepo kusudzula kumaima, mlandu n'kuyamba, ndipo mkazi amachoka ndi chitenje chokha ndi dzina loipa.

Alongo awo a malemu anali atayamba kale manong'onong'o. Ankanena za munthu wina wogula thonje amene ankaimika njinga pakhomo pa akulu anga kupempha madzi akumwa. Munthuyo ankapempha madzi pakhomo lililonse, koma pamakomo enawo panalibe makina osokera ndi mbuzi zimene amayiwo ankaziyang'ana ndi diso lofiira.

Ndinayenda wapansi kuchokera kwathu ku Pembamoyo kukathandiza. Mawere anali osowa chaka chimenecho, koma akulu anga anali atasunga awo mumtsuko, ndipo chimera chinamera bwino. Tinaphika phala m'madramu, tinaliziziritsa, tinathira chimera. Mowa unawira mpaka phokoso lake kumveka kunja kwa nyumba. Titausefa unatuluka wofiirira kwambiri ngati dothi la pachulu likanyowa, wolemera, wa fungo lokoma. Ndinalawa dontho limodzi, kutentha kwake kunatsika mpaka pachifuwa. Unali mowa waukali, woposa wina uliwonse umene ndinaufululapo.

Koma abale a ku Chipata sanafike tsiku lomwe tinapangana. Minibasi yawo inafera panjira asanafike pa boma, ndipo bona anakankhidwira mawa lake. Inali nyengo yotentha ija mvula isanagwe, pamene ngakhale nkhuku zimayenda kukamwa kuli yasa. Mwana aliyense amadziwa zimene dzuwa lotero limachita ndi mowa wopsa kale, kungoti anthu akafuna mlandu dzuwa saliona.

M'mawa wa tsiku la bona ndinaviika chala mudramu. Ukali unalipo, maonekedwe ali omwewo, koma m'mbali mwa lilime munaluma. Unali utayamba kusasa. Akulu anga analawa nawonso. Anangomanganso chitenje n'kutunga chipanda choyamba.

Anthu anali atakhala pansi pa mtengo, amuna uku, akazi uku. Akulu anga anagwada, namwa pang'ono monga amachitira wofulula, n'kupereka kwa alamu ndi manja awiri.

Alamu anachita zawo zija osafulumira. Anapendeketsa, anauzira thovu, ananunkhiza. Atamwa anakhala nawo m'kamwa nthawi yaitali kuposa masiku onse, maso ali pansi. Kenako anachita chinthu chimene palibe anawaonapo akuchita: anakweza chipanda n'kumwa wonse mpaka masese.

"Mowa uwu ulibe mlandu," anatero. "Mng'ono wanga alandire. Alamu, mwafulula."

Anatunga wina n'kuthira pansi kupatsa malemu. Mowa ukathiridwa pansi, nkhani yatha, palibenso woibweza.

Zipanda zinayamba kuyenda, ndipo ndinaona nkhope zikukwinyika imodziimodzi. Alongo awo a malemu aja atamwa analavulira pambali.

"Achimwene, mowa uwu mwaumva bwinobwino?"

"Ndaumva."

"Ndiye lilime lanu lakalamba."

"Mwina lakalambadi," anayankha alamu, akupukuta ndevu.

Anthu anaseka, ndipo kusekako kunatha zonse. Mowa unamwedwa chifukwa unali waukali ndithu, ena anagona pomwepo pansi pa mtengo. Akulu anga anasudzulidwa tsiku lomwelo. Tinabwerera ku Pembamoyo ndi ana, makina osokera ali pangolo, mbuzi zikutsatira.

Nkhani ya alamu tinkangoimva kwa anthu odutsa. Kuyambira pa bona uja, chipanda choyamba chinasiya kupita kwa iwo. Mbiri inafala mpaka kumidzi ya kutali kuti munthu uja ankanyoza mowa wa aliyense anamwa wosasa chipanda chathunthu n'kuuyamikira. Akazi amene anawachititsa manyazi zaka zonse zija anapeza pobwezera. Pa dima ankawapatsa wa pansi pa dramu, n'kumawafunsa mwachipongwe ngati ungamweke. Iwo ankangomwa. Akulu anga ankati Mulungu anawachitira chifundo pokalambitsa lilime lija nthawi yake yeniyeni, ndipo ine ndinkavomereza. Sindinawamvere chisoni alamuwo, ndinkati akolola zimene anafesa.

Patapita zaka zingapo anabwera kwathu panjinga kudzaona ana a mng'ono wawo. Anali ataonda, tsitsi lonse mbuu. Zinangochitika kuti ndinali nditafulula wa dima la kumunda wa mtedza, ndipo ndinawatungira mwaulemu chabe, monga umachitira ndi mlendo aliyense. Akulu anga anali pakhonde akusoka yunifomu ya mwana wa sukulu.

Alamu anapendeketsa chipanda kudzuwa mwachizolowezi, nauzira thovu. Anamwa pang'ono, natafuna timasese.

"Alamu," anatero mosakweza mawu, "nkhuni zanu zinali za mango. Ndipo dramu munabwereka kwa wophika kachasu."

Zinali zoona zonse ziwiri. Mtengo wa mangowo ndinaudula ndekha kuseri kwa nyumba, ndipo dramu ndinalitsuka mpaka manja kuwawa. Lilime lija silinakalambe konse.

Makina osokera anaima. Akulu anga anawayang'ana alamuwo nthawi yaitali, iwo maso ali m'chipanda. Kenako akulu angawo anadzuka, anabwera kudzagwada pafumbi patsogolo pa alamu, n'kuyamba kuomba m'manja pang'onopang'ono, misozi ikugwera pa yunifomu imene anaiwala kuisiya.