Mashelefu a Amalume a Tiyi Kaye

Amalume anga ndi kalipentala, ndipo mumsewu mwathu monse amadziwika ndi dzina loti a Tiyi Kaye. Ukawaitana kuti adzakuuze ndalama zokonzera khitchini, satulutsa tepi yoyezera ayi. Amakoka mpando, n'kukhala pakona, n'kunena kuti, "Tiyi kaye." Ena amati ndi dyera chabe. Eniake amati sangatchule mtengo asanaone mmene mwini khitchini amayendera m'menemo. Ine ndimati zonse ziwiri ndi zoona, chifukwa shuga amathira mosaumira.

Chinanso, munthu ameneyu savomera kulakwa. Chitseko chimene anapanga chikapendama, amati yapendama ndi nyumbayo. Akazi awo anasiya kalekale kutsutsana nawo.

Chaka chatha achemwali anga aakulu anabwera ndi maganizo. Anati amayi akula, ndipo khitchini yawo yatha: sinki ikudontha, makabati afumbwa. Ngati kukonza kungadule, palibe chifukwa chotayira ndalama. Amayi asamukire kwa iwo, nyumba tiike lendi. Amayi anangoti chabwino, koma ine ndinadziwa kuti mtima wawawa. Nyumba imeneyi anamanga ndi malemu bambo, ndipo kusamuka ankakuopa kuposa matenda.

Loweruka amalume anafika kudzatiuza mtengo wokonzera khitchiniyo. Achemwali anawalandira ndi foni m'manja, kuwaonetsa zithunzi za matailosi ndi makabati ofika kudenga. Amalume sanayang'aneko n'komwe. Anakoka mpando wawo.

"Tiyi kaye, mlongo wanga," anatero amalume kuwauza amayi.

Amayi anadzuka mwachangu ngati mtsikana, kufuna kutionetsa kuti mphamvu zilipo. Anateleka ketulo. Kenako anafuna kutenga kapu pa shelefu ya pamwamba, pomwe pamakhala makapu a alendo. Dzanja linakwera mpaka paphewa, n'kukanira pomwepo. Anatembenuka msanga, n'kutsuka kapu yawo yothyoka chogwirira, n'kuthiramo tiyi wa amalume. Achemwali maso anali pa foni, sanaone kanthu. Ine ndinaona, amalume anaonanso. Ndinachita mantha, chifukwa achemwali akanadziwa kuti dzanja silikukwera, za mtengo zikanathera pomwepo, katundu wa amayi akanakwera galimoto.

Amalume anamwa tiyi wawo mwachifatse mpaka achemwali anatopa.

"Amalume, ndiye zingati?"

"Sinki ija ndi kampira chabe kamene katha," anayankha. "Makabati akufuna matabwa pang'ono ndi penti. Matailosi a pa foniwo asiyeni, amaterera. Vuto lenileni ndi mashelefu awa. Amene anawakhoma mutu sunkagwira. Makapu kumwamba konseku, ankayezera ndani, nyamalikiti?"

"Komatu munakhoma ndinu, amalume," anatero achemwali.

"Ndi zimene ndikunenazo. Ndinalakwitsa. Onse nditsitsa, ndipo pokonza zolakwa zanga sindilipiritsa. Inu mugule matabwa ndi penti, basi."

Achemwali anaseka mpaka misozi. Pomwepo anaimbira foni akazi awo a amalume kuwauza kuti lero kwachitika zachilendo, a Tiyi Kaye avomera kulakwa. Pofika madzulo abale onse anali atamva, ndipo mpaka lero amawaseka nazo. Ndalama za matabwa ndi penti achemwali anapereka mosanyinyirika, za kusamuka sanazitchulenso.

Ine sindinaseke. Mashelefu aja analibe vuto lililonse. Amalume anawakhoma bwinobwino, poyezera dzanja la amayi nthawi imene linkafika paliponse.

Lolemba anabwera ndi zida zawo n'kutsitsa onse. Atamaliza anakoka mpando uja. Amayi anatenga okha kapu ya alendo, ya maluwa ija, anaipukuta fumbi, n'kuwathirira tiyi mlongo wawo. Sanathokoze, anangoima pambali pawo n'kumawayang'ana.

Amalume anapsontha kamodzi, maso ali pansi.

"Shuga wachepa," anatero.