Ngongole Yoyamba ya Amayi

Amayi anga amaluka tsitsi. Akhala akuluka kwa zaka makumi awiri ndi ziwiri m'kachipinda kamodzimodzi, pakati pa wokonza mafoni ndi wogulitsa utoto. Muli mpando umodzi, kalilole wothetheka pakona, ndi benchi lomwe odikira amakhalapo n'kumadya anzawo miseche. Kasitomala amakhala pansi, pamtsamiro, iwo pampando, meshi ili paphewa, chipeso atachizika m'tsitsi mwawo. Mutu uliwonse akaumaliza amaujambula chakumbuyo, n'kukatsukitsa chithunzicho kuti obwera azisankhirapo malukidwe.

Chimene amanyadira kuposa luso lawo n'chakuti chibadwire sanakongolepo kanthu kwa munthu. Ngakhale mchere. Tili ana, mchere ukatha tinkadya zosakolera mpaka kutacha, aneba ali pamphuno pomwepa.

Vuto linabwera ndi ine. Nditamaliza maphunziro a unamwino ndinafuna kulemba mayeso ena, oti ndizikagwira ntchito m'chipinda cha opaleshoni. Mayesowo amalembetsa pa intaneti kamodzi pachaka, ndipo salandira china koma khadi la ngongole. Ine ndinali ndisanayambe ntchito, banki sikanandiyang'ana n'komwe. Ndalama amayi anali nazo, m'chitini chakale cha mafuta a tsitsi, koma chitini sichilowa m'kompyuta. Kunali kutatsala miyezi inayi kuti atseke kulembetsa.

Amalume, omwe ndi kalaliki ku kampani ina, khadi anali nalo.

"Bweretsani ndalamazo ndikulipirireni, achemwali," anatero. "Zinthu izi n'za anthu apantchito."

Mawu omalizawo ndi amene anawononga zonse.

"Ndiye ine ndimasewera?" anafunsa amayi. "Mwana ndi wanga. Palisiti palembedwe dzina langa."

Amayi ndimawadziwa, akati ayi ndi ayi. Ndinaona chaka chathunthu chikundipulumuka chifukwa cha liwu limodzi la amalume, ndipo ndinakwiyira onse awiri.

Lolemba lake tinapita ku banki ngati opita kumlandu. Amayi anatenga mboni ziwiri, makasitomala awo akalekale, wina mphunzitsi wopuma, wina wogulitsa nsapato. M'chikwama ananyamula mabuku atatu a zithunzi. Tinakhala pamaso pa bambo wina wa tayi yofiira, wofatsa nkhope, amene anatulutsa fomu.

"Mumagwira ntchito kwa ndani, mayi?"

"Kwa ine ndemwe."

"Pepala la malipiro muli nalo?"

"Ndidzilembere ndekha kalata yonena kuti ndadzilipira?"

Bamboyo anamwetulira. "Chabwino. Nanga munakongolapo kwina kulikonse, kuti tione mmene mumabwezera?"

Apa ndiye amayi anakhala bwinobwino pampando, pakuti funso ankalidikira linali lomwelo.

"Sindinakongolepo, bambo. Mboni ndi izi."

Mboni zija zinagwedeza mitu mwamphamvu. Wansapato anawonjezera kuti iye anayesapo kuwakakamiza kutenga nsapato pangongole, koma ubwenzi wawo unatsala pang'ono kutha.

"Vuto lake ndi limenelo, mayi," anatero bamboyo akukanda m'mutu. "Munthu amene sanakongolepo, kompyuta simudziwa. Ndiye pafunika umboni wa ndalama zomwe mumapeza."

"Iii! Wangongole mumamupatsa mpando, wopanda ngongole mumamufunsa kuti ndiwe yani?"

Sanadikire yankho. Anatulutsa mabuku aja n'kuwaika patebulo, phi!

"Umboni ndi uwo. Mitu mazana anayi, ya chaka chino chokha."

Bamboyo anatsegula. Tsamba loyamba, zikosi. Tsamba lachiwiri, zikosi. Anayesetsa kudzigwira koma phwete linamupulumuka, mpaka anzake awiri anabwera kudzasuzumira. Mayi wina wa pakauntala analoza chithunzi china n'kufunsa monong'ona kuti malukidwe amenewo ndi ndalama zingati. Ine ndinkafuna nthaka ingondimeza.

"Ntchito ndi yooneka, sindikukana," anatero bamboyo akupukuta misozi. "Koma apa palibe nkhope, palibe deti, palibe mtengo. Chitani izi: tsegulani akaunti, muziikamo zonse zomwe mwapeza tsiku lililonse kwa miyezi itatu. Pepala limene lidzatuluke pamenepo ndilo lidzakuyankhulireni."

Ndinawerenga masiku ndi zala pansi pa tebulo. Ankakwana, koma movutikira ngati nsapato yobwereka.

Kuyambira tsiku limenelo, ikangokwana folo koloko amayi ankavula epuloni n'kuuyatsa wa ku banki. Ndalama zawo zinkanunkhira mafuta a tsitsi, moti owerengera ankazidziwa asanadzutse mutu. Mlungu woyamba analakwitsa: ankayamba agula ndiwo, meshi ndi makala, n'kukasiya zotsala zokha. Bambo wa tayi uja ataona anawaitanira pambali.

"Muzibweretsa zonse, mayi. Mukafuna zogulira zinthu muzitapanso."

"Ndilowetse kuti nditulutsenso? Anthu ophunzira inu nthawi muli nayo."

Anadandaula njira yonse, koma anachita. Mvula igwe, dzuwa liswe mtengo, folo koloko inkawapeza pamzere. Amalume ankaimba foni mlungu uliwonse kutikumbutsa kuti khadi lawo likadalipo. Kawiri konse ndinatsala pang'ono kuvomera mwamseri.

Miyezi itatu itatha, pepala lija linatuluka masamba asanu ndi limodzi. Amayi anavala magalasi n'kuyamba kulondola mzere uliwonse ndi chala, pomwepo pamaso pa bamboyo. Atafika pansi penipeni chala chinaima pa nambala yomaliza. Zaka zonsezi ndalama zinkalowa m'manja n'kutuluka tsiku lomwelo, sanazionepo zitaima pamodzi.

"Zonsezi ndi manja awa?" anafunsa, osati ife, koma manja awo omwewo.

Khadi linafika kutatsala masiku awiri kuti atseke. Linali la ndalama zochepa, zongokwanira mayeso ndi kachenji pang'ono. Ndinathamangira kusaluni, ndipo ndinawapeza ali pakati pa mutu wa mayi wina, theka loluka, theka litaima ngati tsache. Ndinalemba manambala a khadilo pafoni, koma batani lomaliza anati adina okha. Anadina, foni osamva, chifukwa chala chinali mafuta okhaokha. Anapukutira pa epuloni n'kudinanso. Kanthu kanazungulira, kanazungulira, kenaka lisiti linatulukira, dzina lawo lili pamwamba, langa lili pansi pake. Ndinalira ngati mwana, pabenchi ponse n'kuyamba kuwomba m'manja.

Amayi sanawombe nawo. Anavula epuloni, n'kutenga chitini chija pansi pa shelefu.

"Nanga ine?" anakuwa mayi wa theka uja.

"Mutu suthawa, dikirani."

Ndinawatsatira mpaka ku banki, ine ndikuthamanga, iwo akungoyenda. Anakhuthula chitini pakauntala n'kuyamba kuwongola ndalamazo imodziimodzi ndi zala zawo zotupa. Bambo wa tayi anatulukira akuseka.

"Mayi, mwalipira mphindi makumi anayi zapitazo. Muli ndi mwezi wathunthu woti mubweze."

"Mweziwo sungani, mudzapatse ena," anatero amayi osadzutsa mutu. "Mwana wanga akalowe m'mayeso atasenza za m'mabuku zokha. Ngongole asasenze."