Mphika wabuluu wa Tisa

Mwaswera bwanji nonse.

Zomwe ndataya lero: soseji zinayi, lepu wa kumsika wa Chelstone, ulemu wanga pamaso pa mwana wanga Tamara, mwinanso mphika wabuluu wa malemu mayi ake, Tisa.

Mwanayu anapempha nyoki, timibulu ta mbatatesi tija Tisa ankamuphikira. Nditatiponya m'madzi owira, tinayamba kuyandama. Ine, ndi digiri yangayi, ndinkatibwezera pansi ndi chipande, kamodzikamodzi. Ndinathiramo soseji ndi lepu kuti zititsendereze. Zonse zinasanduka phala n'kupserera.

Tamara anangoti, "Adadi, tikayandama ndiye kuti tapsa."

Ba Anti, mphikawu ungayerenso? Ndiukweche ndi chiyani?

Ndikufunsa chifukwa kuchipatala kuja, mawu omaliza amene Tisa anandiuza anali akuti, "Mphika wanga wabuluu uja musaukhudze."